Munthu Wachiwiri pa Chimbale

Ena mwa inu mwangoweruka kumene ku ntchito, ena muli pakhonde kudikira kuti nsima ipse, ndipo ena mwayamba ulonda wa usiku ndi kawailesi kanu pambali. Nonsenu ndikukupemphani kuti mutchere khutu, pakuti nkhani yathu ya lero ndi ya nyimbo za jazi zoimba anthu awiri okha, makamaka zija zimene sizidatchuke koma n'zoyenera kuzifunafuna.

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa. Zaka zambiri zapitazo mnzanga wina amene ankaphunzira ku Ulaya adanditumizira kaseti, ndipo pa chikuto chake adangolembapo maina awiri ndi bolopeni: Dollar Brand ndi Johnny Dyani. Nditaiika m'kawailesi kanga ka mabatire ndidamva piyano, ndidamvanso amuna awiri akuimba pakamwa, koma kuseri kwake kunkangomveka kamkokomo kosalongosoka, ngati njuchi imene yatsekeredwa m'botolo. Ndidadikira ng'oma, osabwera. Ndidadikira malipenga, osabweranso. Ndidaganiza kuti mnzangayo adalakwitsa pojambula, ndipo kasetiyo ndidaiponya m'katoni ya mabuku akale. Patapita zaka zitatu ndidaitengera mwangozi, pamodzi ndi makaseti ena, kunyumba kwa munthu amene adali ndi wailesi ya masipika akuluakulu. Itangoyamba kulira, kamkokomo kaja kadasanduka liwu lalikulu lonjenjemeretsa mawindo, liwu la besi ya Johnny Dyani, ndipo tonse m'chipindamo tidaleka macheza. Kwa zaka zitatu ndidali nditasunga munthu m'katoni, osadziwa kuti ndi iyeyo amene adasenza theka la nyimbozo.

Tsiku limenelo ndidaphunzira chinthu chimodzi chimene ndikufuna kukusiyirani lero. Pa chimbale cha anthu awiri, diso limathamangira dzina loyamba, lotchuka, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, pamene chinsinsi chili pa dzina lachiwiri. Mukaphunzira kumva munthu wachiwiriyo, nyimbo imene munkaiyesa yoperewera mudzaipeza yodzaza. Ndipo mukalondola dzina lakelo kumene lapita, lidzakufikitsani pa zimbale zina zimene simukadazidziwa.

Ndisanapitirire, ndiyenera kulongosola jazi amene ndikunena. Kwathu kuno dzina lakuti jazi bandi tidazolowera kulimva pa magulu a anyamata oimba mabanjo opanga okha ndi zigubu, ng'oma ndi babatoni, chija cha nsambo imodzi. Amenewo ndi athu, ndipo ali ndi mbiri yawoyawo. Jazi amene tikambe lero ndi uja adabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, makamaka mu mzinda wa New Orleans, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nafalikira ku Chicago, ku New York, ku Ulaya ndi ku South Africa. Mwambo wake ndi wakuti oimba amatenga nyimbo, naiimba kamodzi monga ilili, kenaka aliyense amapeka zakezake pomwepo, motsamira pa nyimbo ija. Besi ya kumeneko ndi choimbira chachikulu cha thabwa, chotalika ngati munthu, cha nsambo zinayi, chimene woimba amachiimika pansi nakodola nsambozo ndi zala. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya babatoni.

Kawirikawiri gulu laling'ono la jazi limakhala la anthu anayi kapena asanu, ndipo aliyense ali ndi gawo lake. Wang'oma amasunga nthawi, wabesi amayala maziko, wapiyano amadzaza pakati, ndipo walipenga kapena wasakisofoni amakamba nkhani pamwamba. M'gulu lotere munthu angathe kupuma, angathenso kuphonya pang'ono osadziwika, chifukwa anzake amamkwirira. Tsono chotsanipo atatu, mutsale ndi awiri. Nthawi imene wang'oma ankasunga ayenera kuisunga okha mumtima. Wina akasokonezeka palibe pobisala. Wina akakhala wodzikonda, wongofuna kumveka yekha, mumamzindikira pa mphindi yoyamba yomwe. Ndipo mpata wa chete, umene m'gulu lalikulu susowa woudzaza, pano umasiyidwa poyera nukhala gawo la nyimboyo.

Zoterezi si zachilendo kwa ife. Aliyense amene adaonapo amayi awiri akusinja chimanga mu mtondo umodzi akudziwa kuti munsi wina ukamatsika wina umakhala ukukwera, ndipo mmodzi akangoleka kumvera mnzake minsi imaombana. N'chimodzimodzinso ndi mangolongondo a kwa Ayao: awiri amakhala moyang'anizana, wina akuponya mawu ake m'mipata imene mnzake wasiya, kotero kuti nyimbo imene khutu likumva siili m'manja mwa aliyense wa iwo payekha. Paja akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Kuimba awiri okha mu jazi kudayamba kale. M'chaka cha 1924, mu mzinda wa Chicago, King Oliver wa lipenga ndi Jelly Roll Morton wa piyano adajambula nyimbo ziwiri popanda wina wowathandiza, "King Porter Stomp" ndi "Tom Cat Blues". M'mwezi wa December 1928 Louis Armstrong, amene adakulira m'manja mwa Oliver pa zoimba, adajambula "Weather Bird" pamodzi ndi Earl Hines. Iyi yokha ndi yotchuka, ndipo mukaimva mudzati ndi anyamata awiri amene akuthamangitsana, aliyense akuyesa kupunthwitsa mnzake, koma onse n'kukafika limodzi. Komabe masiku amenewo jazi adali wovinira, ndipo makampani ankadziwa kuti ogula amafuna ng'oma ndi malipenga ambiri. Motero nyimbo za awiri zinkajambulidwa mwa apo ndi apo.

Pali mbale zina za nthawi yomweyo zimene dzina lachiwiri lidachita kubisidwa dala. M'zaka za 1928 ndi 1929 kampani ya Okeh idatulutsa mbale za magitala awiri, zolembedwa maina a Lonnie Johnson ndi Blind Willie Dunn, dzina lotanthauza kuti Dunn wakhungu. Lonnie Johnson adali munthu wakuda wa ku New Orleans. Koma munthu wotchedwa Dunn kudalibe. Woimba weniweni adali Eddie Lang, mzungu wa ku Philadelphia wochokera m'banja la Chitaliyana, amene sadali wakhungu konse. Mbalezo zinkagulitsidwa makamaka kwa anthu akuda, ndipo mu America wa tsankho wa masiku amenewo dzina la mzungu pambali pa dzina la wakuda silinkafunika kuoneka. Mukamvera "Hot Fingers" kapena "Blue Guitars" mudzaona kuti nthawi zambiri Johnson ndiye amathamanga pamwamba, pamene Lang, amene adali katswiri wodziwika kale, amavomera kukhala pansi, kumyalira mnzake njira. Lang adamwalira mu 1933 ali ndi zaka 30 zokha.

Munthu wachiwiri wina woyenera kumkumbukira ndi Jimmy Blanton. Duke Ellington adali ndi gulu lalikulu la oimba oposa khumi, koma atalemba ntchito mnyamatayu mu 1939 adamva chinthu chimene chidamkakamiza kukhala naye pansi awiri okha mu situdiyo, m'chaka chomwecho ndiponso mu October 1940. Kufikira nthawi imeneyo besi inkangoguguda pansi, kuwerengera ovina mapazi. M'nyimbo monga "Pitter Panther Patter" ndi "Mr. J. B. Blues", Blanton adaionetsa kuti ingathe kulankhula ngati lipenga, kufunsa ndi kuyankha. Chifuwa chachikulu chidamtenga mu 1942 ali ndi zaka 23. Patapita zaka 30, mu 1972, Ellington ali nkhalamba adajambula chimbale china cha piyano ndi besi pamodzi ndi Ray Brown, nachitcha "This One's for Blanton", kunena kuti ichi n'cha Blanton. Pakati pa zimbale zambirimbiri za Ellington, ichi sichitchulidwa kawirikawiri, koma n'chokoma kwambiri.

Tsono mwina mukufunsa kuti, ngati nyimbozi n'zabwino, bwanji sizidatchuke? Yankho lagona pa malonda. Pofika zaka za m'ma 1970, makampani akuluakulu a ku America adali atatembenukira ku nyimbo za achinyamata zogulitsika msanga, ndipo akatswiri ambiri a jazi adasowa pogwira. Ena adasamukira ku Ulaya. Kumeneko kudabadwa timakampani ting'onoting'ono ta anthu okonda jazi: ECM mu mzinda wa Munich mu 1969, Enja mu mzinda womwewo mu 1971, SteepleChase ku Copenhagen mu 1972, ndi Black Saint ku Milan mu 1975. Amenewa adalibe ndalama zolipirira magulu akuluakulu, koma anthu awiri, piyano imodzi ndi tsiku limodzi mu situdiyo ankakwanitsa. Ankawasiyanso oimbawo kuimba zimene mtima wawo ukufuna. Zimbalezo zinkasindikizidwa zochepa, sizinkalengezedwa kwenikweni, ndipo zinkafika movutikira m'masitolo a kutali. Chimene chidazibisa ndi kuchepa kwa thumba la ozigulitsa, osati kuperewera kwa luso la oziimba.

Kaseti yanga ija idachokera ku chimbale cha mtundu womwewo. Dzina lake ndi "Good News from Africa", ndiko kuti nkhani yabwino yochokera ku Africa, ndipo chidajambulidwa ku Germany mu December 1973 ndi kampani ya Enja. Dollar Brand adabadwira ku Cape Town mu 1934, nachoka m'dziko lake mu 1962 chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Duke Ellington adamumva akuimba ku Zurich mu 1963 namthandiza kudziwika. Mu 1968 adalowa Chisilamu natenga dzina lakuti Abdullah Ibrahim. Chimbalechi chimayamba ndi "Ntsikana's Bell", nyimbo yochokera kwa Ntsikana, mmodzi mwa Akhristu oyambirira pakati pa Axhosa, amene adamwalira mu 1821. Chapakati pake mumamvekanso kuitanira kwa Asilamu ku swala. Tchalitchi ndi mzikiti zili pa mbale imodzi popanda kukangana. Dzanja lamanzere la Ibrahim limabwereza mawu omweomwewo ngati mpingo ukuvomera nyimbo, ndipo Dyani amazungulira mozemba, nthawi zina pansi, nthawi zina pamwamba, nthawi zina n'kukweza liwu lake lenileni ngati munthu woitana anzake a tsidya lina la mtsinje. Inu amene makolo anu adakagwira ntchito ku Joni nabwerako ndi nyimbo za kumeneko, makutu anu sadzakhala alendo m'chimbalechi.

Johnny Dyani adakulira ku East London, ndipo adatuluka mu South Africa mu 1964 ndi gulu la Blue Notes. M'gululi mudali Chris McGregor, mzungu woimba piyano, pamodzi ndi Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Nikele Moyake ndi Louis Moholo. Azungu ndi akuda kuimbira limodzi chidali chinthu chimene malamulo a dzikolo ankachipanikiza, choncho ataitanidwa ku chikondwerero cha jazi ku Antibes, m'dziko la France, ambiri a iwo adakhaliratu kunja. Dyani adamwalira ku Berlin mu 1986, kutatsala zaka zisanu ndi zitatu kuti dziko lake lichite chisankho cha anthu onse mu 1994. Iye ndi Ibrahim adajambulanso chimbale chachiwiri mu 1979, "Echoes from Africa". Mukazimva ziwirizi mukudziwa mbiri imeneyi, mudzazindikira kuti si nyimbo zongosangalatsa. Ndi anthu awiri osowa kwawo amene akumanga mudzi wawo ndi mawu kwa mphindi makumi anayi.

Tsopano tiyeni tiyese njira ija ya kulondola maina, tione kumene ingatifikitse kuchokera pa chimbale chimodzichi. Abdullah Ibrahim adaimbanso ndi anthu ena awiriawiri: ndi Gato Barbieri wa ku Argentina mu 1968, ndi Max Roach wa ng'oma mu 1977 pa chimbale cha "Streams of Consciousness", ndiponso ndi Archie Shepp wa sakisofoni mu 1978 pa chimbale chongotchedwa "Duet". Titengepo dzina lomalizali, Archie Shepp, timfunse kuti iyeyo adakhalanso pansi ndi yani.

Shepp adatchuka m'zaka za m'ma 1960 ngati woimba waukali, amene sakisofoni yake inkakuwa ndi mkwiyo wa anthu akuda omenyera ufulu wawo. Anthu ambiri adadabwa pamene mu 1977, ku Copenhagen, adajambula "Goin' Home" pa SteepleChase, chimbale cha nyimbo zauzimu zakale za anthu akuda a ku America, monga "Go Down Moses", "Deep River" ndi "Swing Low, Sweet Chariot". Apa mkwiyo uja udasanduka kulira kwa munthu wamkulu, kolemera ndi kodekha. Koma mverani munthu wachiwiriyo, Horace Parlan. Ali mwana adadwala poliyo, ndipo zala zina za dzanja lake lamanja zidafooka osachiranso. Mmalo mosiya piyano, adadzipezera kaimbidwe kakekake: dzanja lamanzere lidasenza ntchito yaikulu, ndipo zala zotsala za lamanja zinkangomenya pofunika pokha. Pa chimbalechi Parlan sathamanga, sadzionetsera. Amaika mawu ochepa olemera pamalo pake, monga mlaliki wa mpingo amene akudziwa kuti mwini maliro ayenera kupatsidwa mpata wolira. Awiriwa adabwereza mu 1980 ndi "Trouble in Mind". Kwa inu amene simudamvepo jazi n'kale lonse, ndinganene kuti yambirani pamenepa.

Shepp yemweyo angatitsogolere kwina. Pa chimbale chake cha 1969 chotchedwa "Blasé" pali mayi wina woimba pakamwa, Jeanne Lee. Mukalondola dzina limeneli mudzabwerera m'mbuyo kufika pa "The Newest Sound Around", chimene chidatuluka mu 1962. Jeanne Lee, mayi wachikuda, ndi Ran Blake, mzungu woimba piyano, adakumana ali ophunzira pa koleji ya Bard m'chigawo cha New York. Pafupifupi nyimbo zonse za m'chimbalechi ndi liwu ndi piyano basi. Amatenga nyimbo zodziwika monga "Laura" ndi "Summertime", naziimba pang'onopang'ono. Blake samutsatira mayiyo m'mbuyo monga amachitira oimba piyano ambiri. Amaponya mawu amdima, ena ooneka ngati olakwika, kenaka n'kukhala chete, kumsiya Lee ataima yekha popanda chogwirira, koma iye osagwa. Ngakhale chidatulutsidwa ndi kampani yaikulu ya RCA, kwawo ku America sichidawabweretsere ntchito yokwanira, ndipo kudali ku Ulaya, pa ulendo wawo wa 1963, kumene adalandiridwa bwino.

Tibwerere kwa Johnny Dyani titsate njira yake. Mmodzi mwa anthu amene adaimba naye ku Ulaya ndi Don Cherry, wa ku America, wodziwika ndi kalipenga kake kakang'ono ndi mtima wake wokonda kuphunzira nyimbo za mitundu ina. Cherry adali ndi bwenzi lake lakale, Ed Blackwell wa ku New Orleans, woimba ng'oma. Awiriwa adajambula "Mu" ku Paris mu 1969, ndiponso "El Corazón" pa ECM mu 1982. Pano palibe besi, koma simudzaifuna, chifukwa ng'oma za Blackwell zimachita kuimba. Amazisiyanitsa mawu, yaikulu ndi yaing'ono, nazilankhulitsa motsatizana ngati munthu mmodzi wagwira ntchito ya oomba ng'oma atatu pa bwalo. Cherry amasinthasintha, pano lipenga, pano piyano, pano choimbira cha nsambo cha ku Mali. Ife amene tidakulira pafupi ndi ng'oma tingamve m'chimbalechi zinthu zimene ena amaziphonya.

Cherry ndi Blackwell onse adali m'gulu la Ornette Coleman mu 1960, ndipo wabesi wa gululo adali Charlie Haden. Ameneyu ankakonda kwambiri kuimba awiriawiri. Chimbale chake cha 1976, "Closeness", chili ndi nyimbo zinayi, iliyonse ndi mnzake wosiyana: Keith Jarrett, Ornette Coleman, Alice Coltrane ndi Paul Motian. Koma chimene ndikufuna muchifunefune ndi "As Long as There's Music", chimene adajambula mu 1976 ndi Hampton Hawes. Hawes adali mwana wa mbusa wa ku Los Angeles. Adamangidwa chifukwa cha mankhwala osokoneza bongo, ndipo adatuluka m'ndende mu 1963 Pulezidenti John F. Kennedy atamkhululukira. Anthu ankamdziwa ngati woimba piyano mwaliwiro, koma pano akuimba mofatsa, akumvera besi ya Haden ndi kuiyankha. Adamwalira mu 1977, chimbalecho chisanatuluke. Ndipo inu okonda nyimbo za m'tchalitchi, Haden yemweyo adakusungiraninso "Steal Away", chimene chidatuluka mu 1995, momwe iye ndi Hank Jones akuimba nyimbo zauzimu popanda chokometsera chilichonse.

Onani tsono kumene kaseti imodzi yatifikitsa: ku Copenhagen, ku New York, ku Paris ndi ku Los Angeles, pongofunsa kuti munthu wachiwiriyu adaimbanso ndi yani. Koma ndikuchenjezeni, pakuti sindifuna kuti mudzanditcha wonama. Si zonse zimene mudzapeze m'njirayi zidzakulowani m'khutu msanga. John Coltrane ndi Rashied Ali wa ng'oma adajambula "Interstellar Space" mu February 1967, miyezi isanu Coltrane asanamwalire, ndipo ndi mkuntho weniweni wopanda nyimbo yoti muitsatire ndi mluzu. Louis Moholo, mnzake wa Dyani uja, adajambula zoterezi ndi Irène Schweizer wa ku Switzerland mu 1986, ndiponso ndi Cecil Taylor ku Berlin mu 1988. Zimenezi n'zamtengo wapatali kwa khutu lozolowera, koma musayambire pamenepo. Mukazipeza n'kukukanikani, zisiyeni, mudzabwerere chaka chamawa.

Nanga tingazipeze kuti? Kale munthu ankadalira mnzake wa kunja, monga ndidachitira ine. Lero zambiri mwa zimbale zimene ndatchulazi zimapezeka pa intaneti, pa YouTube kapena pa Spotify, ndipo foni ya m'manja ndi yokwanira. Polemba zofufuzira, lembani maina onse awiri pamodzi, chifukwa dzina lotchuka lokha lidzakubweretserani nyimbo zotchuka zokhazokha. Kumbukirani kuti munthu mmodzi angakhale ndi maina awiri: yesani Dollar Brand, yesaninso Abdullah Ibrahim, yesani Eddie Lang, yesaninso Blind Willie Dunn. Chimbale nachonso chingasinthe dzina, monga chija cha Brand ndi Barbieri, chimene chidatuluka ngati "Hamba Khale" kwina n'kutulukanso ngati "Confluence". Pa tsamba la Discogs mungaone maina a onse amene adaimba pa chimbale, chaka chake ndi kampani yake, ndipo dzina la kampaniyo nalonso ndi njira yoyenera kuilondola. Abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku London angathe kuyenderanso masitolo ogulitsa mbale zakale. Koma musaiwale kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Chimbale chimodzi pa sabata n'chokwanira, ndipo bandulo yanu siidzathera pa kudumphadumpha.

Mukachipeza, musabwereze cholakwa changa. Kasipika ka foni n'kofanana ndi kawailesi kanga kaja: sikatha kutulutsa mawu a pansi, ndipo kadzakubisirani besi yonse. Ikani zomvera m'makutu, ngakhale zotsika mtengo za pamsika, kapena lumikizani ku sipika yokulirapo. Sankhani nthawi ya bata, ana atagona. Kenaka mverani nyimbo imodzi katatu. Koyamba, ingoimverani yonse monga mmene yabwerera. Kachiwiri, msiyeni wotchuka uja, mutsatire munthu wachiwiri yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muone pamene akukankha, pamene akudikira ndi pamene wakhala chete. Kachitatu, fufuzani malo amene awiriwo akusinthana udindo, wotsogolera n'kusanduka wovomera. Mukawapeza malo amenewo, ndiye kuti mwaimva nyimboyo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Omvera athu, nthawi yathu yatha. Kaseti ija ndikadali nayo, ngakhale inki ya bolopeni idafufuma ndipo tepi yake idaduka kawiri n'kulumikizidwa. Ndikaiona ndimakumbukira kuti nyimbo yonse idalimo kuyambira tsiku loyamba. Choperewera chidali wailesi yanga ndi kuleza mtima kwanga. Sabata ino sankhanipo chimbale chimodzi mwa zimene tatchula, "Goin' Home" kapena "Good News from Africa", muchimve katatu monga ndanenera. Kenaka tilembereni kalata, mutiuze zimene munthu wachiwiriyo ankachita pamene mnzake ankalankhula, ndiponso kumene dzina lake lakufikitsani. Mwina inu mudzapeza chimene ine sindidachimvepo, ndipo ndidzakondwera kuchiulutsa kuti tonse timve nawo.